Batani lotumizira mafayilo lisakhale khomo la akuba

A Mkonzi,

Tiloleni tichenjeze anzathu opanga mawebusaiti, komanso masukulu ndi makampani amene amalandira ma CV, masatifiketi ndi zithunzi kudzera pa intaneti. Pa seva (kompyuta yosunga webusaiti) yoyendetsa PHP, chilankhulo cholembera mawebusaiti ambiri, batani lotumizira fayilo lija ndi pamene akuba amakonda kulowera.

Zimachitika chonchi. Munthu amatumiza fayilo yooneka ngati chithunzi, koma mkati mwake muli malamulo a PHP. Ikagwera mu foda ya uploads, yomwe ili mkati mwa public_html (foda imene aliyense amaifikira pa intaneti), iye amangolemba adiresi ya fayiloyo mu browser, seva n'kuyendetsa malamulowo. Pamenepo akhoza kutsegula wp-config.php (fayilo yosunga zinsinsi za WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti), kutenga password ya database, n'kukopera maina ndi manambala a aliyense amene analembetsa. Mu September 2020, plugin (pulogalamu yowonjezera) ya WordPress yotchedwa File Manager, yomwe inali pa mawebusaiti oposa 700,000, inapezeka ndi vuto lotereli.

Ambiri amangoletsa mafayilo a maina othera ndi .php n'kumaganiza kuti zatha. Ayi ndithu. Palinso .phtml ndi .phar, zomwe seva ikhoza kuyendetsanso ngati PHP, ndipo pa seva ya Apache yogwiritsa ntchito lamulo la AddHandler, dzina ngati chithunzi.php.jpg limayendetsedwabe ngati PHP. Content-Type, yomwe imanena mtundu wa fayilo, musaikhulupirire, chifukwa amaisankha ndi wotumizayo. Ngakhale getimagesize(), yomwe PHP imayezera zithunzi, imapusitsika: wakuba amaika GIF89a, zilembo zoyambira chithunzi cha GIF, koyambirira kwa fayilo, malamulo ake n'kutsatira m'munsi. Chithunzi cha mtundu wa SVG nacho chikhoza kunyamula JavaScript, malamulo oyenda mu browser.

Chofunika kwambiri n'chakuti fayilo yotumizidwa isayendetsedwe ndi seva, zivute zitani. Isungeni kunja kwa public_html, ndipo wofuna kuiona aipeze kudzera mu script yanu yomwe imayamba yafunsa kuti iye ndani. Ngati hosting yanu salola zimenezo, zimitsani PHP mu fodayo, koma dziwani kuti lamulo la php_flag engine off, lolembedwa mu fayilo ya .htaccess, limagwira ntchito ndi mod_php yokha (PHP yoyendera mkati mwa Apache), ndipo pa seva ya Nginx, .htaccess siwerengedwa n'komwe.

Lolani mitundu yochepa yokha, monga jpg, png ndi pdf. Dzina limene wotumiza wapereka litayeni, mupange lanu lachisawawa, kuti ../ (chizindikiro chotulukira mu foda) isamutsegulire mafoda ena. Chithunzi chilichonse chikonzedwenso ndi GD (chida cha PHP chokonzera zithunzi), mkati mutsale chithunzi chokhachokha. Ikaninso malire a kukula kwa fayilo. 2MB ndi yokwanira CV.

Ndipo chonde, chizolowezi choika 777 (chilolezo choti aliyense alembemo) pa foda ikangokana kulandira fayilo chithe. Perekani 755 (mwini foda yekha ndiye alembemo), ndipo fodayo ikhale m'manja mwa akaunti imene imayendetsa PHP.

Opanga mawebusaiti,
Blantyre