Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a statistics ya chaka choyamba

A Mkulu a Dipatimenti ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa aphunzitsi a statistics womwe unachitikira kuno ku Mzuzu. Nkhani yomwe inakula inali iyi: ophunzira athu amatha kuwerengera standard deviation (muyeso wa momwe manambala amwazikira kuchoka pa avereji yawo) pamayeso, koma ukawafunsa chifukwa chomwe ma sample awiri otengedwa pagulu limodzi amaperekera mayankho osiyana, amangoti kukamwa yasa. Ambiri anati vuto ndi kasanjidwe ka kosi. Timathera masabata oyambirira pa probability ya madayisi ndi makadi, ndiye pofika pa confidence interval (malire omwe timayerekeza kuchokera pa sample kuti yankho lenileni lili pakati pake) semesita imakhala yatsala pang'ono kutha, n'kumangothamanga.

Chomwe ndikufuna titengere ndi phunziro la nyemba, lochitika sabata yachiwiri, bolodi lisanaone fomula iliyonse. Pamafunika nyemba 1,000, zofiira 300 ndi zoyera 700, m'thumba losaonekera mkati. Wophunzira aliyense apise dzanja, atenge 25, awerenge zofiira, agawe ndi 25, aike kadontho pamzere womwe wajambulidwa pabolodi, kenako abwezere nyembazo n'kukhutchumula thumba. M'kalasi ya anthu 60 timadontho timaunjikana pafupi ndi 0.3, tambiri pakati pa 0.2 ndi 0.4, koma pamapezeka wina yemwe wapeza 0.12 kapena 0.48 osalakwitsa kanthu. Akatero abwereze ndi nyemba 100, ndipo mulu wa timadontho uja umaonda iwo akuona. Apa m'pamene fomula ya standard error (muyeso wa kusiyana kwa mayankho a ma sample) imalowa: pa nyemba 25 imapereka 0.092, pa 100 imapereka 0.046. Sample yakula kanayi koma kusiyana kwa mayankho kwangotsika ndi theka, ndipo mfundo imeneyi ndiyo imawavuta akafika polemba kafukufuku wawo chaka chomaliza.

Zosokoneza phunziroli zilipo. Nyemba zikasiyana kukula, dzanja limathamangira zazikulu, choncho mayankho onse amapendekera mbali imodzi. Pogula ku msika wa Zigwagwa sankhani za msinkhu umodzi (ngakhale thumba lina la nyemba zosiyana lingathandize pofotokoza bias, komwe ndi kupendekera kumeneku). Wina akaiwala kubwezera, 0.3 uja wasintha kale. Kuwerenga nyemba 100 kumadyanso nthawi, ndiye pakhale matumba anayi, ophunzira agwire atatuatatu.

Manambala omwewo musawataye. Pofika pa confidence interval, aliyense apange yake ya 95% kuchokera pa nyemba zake 100, ajambule ngati kamzere pabolodi. Pa timizere 60, pafupifupi titatu sitikhudza 0.3. Wophunzira akaona kamzere kake katalambalala yankho lenileni, amamvetsa kuti 95% ikunena za njirayo ikabwerezedwa kambirimbiri, osati za kamzere kake kokha.

Pa calculator panatuluka kanthu kakang'ono komwe kamawadyera ana malikisi chaka ndi chaka. Ma Casio amaonetsa ma standard deviation awiri, σx (yogawa ndi n, chiwerengero cha manambala) ndi sx (yogawa ndi n − 1), ndipo ambiri amakopera yoyambayo pomwe sample imafuna yachiwiriyo. Apatseni manambala 2, 4, 6: kugawa ndi n kumapereka 1.63, kugawa ndi n − 1 kumapereka 2. Mu Excel ndi STDEV.P ndi STDEV.S. Mphindi khumi zimakwana.

Za data, tinagwirizana zosiya zitsanzo za m'mabuku akunja pomwe zathu zilipo. Kalembera wa 2018 wa National Statistical Office ku Zomba anapeza anthu 17,563,749 m'dziko muno, ndi 221,272 mumzinda wa Mzuzu. Kuyerekeza kalemberayu ndi Malawi Demographic and Health Survey ya 2015-16 kumasonyeza bwino kusiyana kwa kuwerenga aliyense ndi kutenga sample. Chenjezo ndi loti data ya survey imeneyi ili ndi ma weight (nambala zosonyeza kuchuluka kwa anthu omwe wofunsidwa aliyense akuimira) ndipo inatengedwa m'magulumagulu a nyumba. Wophunzira akangopanga avereji wamba, yankho lake silifanana ndi la m'lipoti. Kwa a chaka choyamba, mphunzitsi adule yekha kagawo kochepa, akakonze asanapereke.

Pa mapulogalamu a kompyuta sitinamvane. Ena amafuna SPSS poti mabungwe ambiri olemba ntchito amaifunsa, koma layisensi yake ndi yodula. Ena anaima pa R, yomwe ndi yaulere ndipo ukaiika imagwira popanda intaneti. Kwa ine, jamovi ndiyo ikuyenera chaka choyamba: ndi yaulere, imayendera R pansi pake, koma munthu amangodina osalemba code. Tiike mafayilo ake pa flash, tisadalire netiweki ya mu labu.

Za p-value tinangokumbutsana zomwe American Statistical Association inanena mu 2016, kuti nambalayi si mwayi woti null hypothesis (ganizo loyambira lomwe likuyesedwa, monga loti palibe kusiyana) ndi yoona. P-value ndi mwayi wopeza zotsatira ngati zomwe tapeza, kapena zoposa pamenepo, ganizolo litakhala loona. Pamayeso tizipereka funso limodzi loti wophunzira afotokoze tanthauzo la p = 0.03 m'mawu wamba.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wa dipatimenti ukubwerawu tivomereze kufupikitsa probability kukhala sabata imodzi ndi theka, tisankhe pulogalamu imodzi, ndiponso a Mkulu atulutse ndalama ya nyemba ndi matumba anayi aja semesita isanayambe.