Zida zosokoneza rada ziziyamba zayesedwa ndi mphepo

Akonzi,

Nkhani za ndege zankhondo zikamalembedwa, anthu amatamanda zida zosokoneza rada (makina oonera ndege zili patali) ya adani, koma za mphepo satchulako. Kwa ine, mphepoyo ndiyo imayamba kuweruza chida.

Taonani ndege ya EA-18G Growler ya asilikali apanyanja a ku America. Imanyamula zida zosokoneza rada zotchedwa ALQ-99, zopachikidwa kunsi kwa mapiko. Kumphuno kwa chida chilichonse kuli kachipupiza komwe kamazungulira ndi mphepo n'kumapanga magetsi a chidacho. Mphepo ikapanda kufika bwino pamenepo, magetsi amachepa. Komanso katundu wolendewera kuphiko amachedwetsa ndege, amaidyetsa mafuta ambiri, ndipo angachititse phiko kunjenjemera mpaka kuthyoka, munthu ali m'mwamba.

N'chifukwa chake akatswiri amayamba ayesa kachifanizo ka ndegeyo m'ngalande yopemerera mphepo yamphamvu, monga zomwe zili ku Arnold, malo oyesera ndege a asilikali ku Tennessee m'dziko la America. Akatero m'pamene amaiulutsa ndege yeniyeni, kuwonjezera liwiro pang'onopang'ono, ndi kuonanso ngati chidacho chingatayidwe pangozi osagunda phiko. Chida chatsopano cha ALQ-249 chinayamba kuyesedwa m'mlengalenga pa Growler mu 2020.

Chonde, mukamalemba za ndegezi, muzitiuzanso za mayesowa, chifukwa moyo wa oyendetsa umadalira pamenepo.

Wowerenga wanu