Lipoti la ulendo wa ku Nairobi: msonkhano wa mdulidwe wa atsikana

Amayi apampando ndi amayi anzanga, ndabwerako. Ndiyambe ndi za ndalama, poti zandifika kale zoti ndinapita kukadya alawansi. Malisiti onse ali kwa msungichuma, wofuna akaone.

Tsiku loyamba linatha ndi malonje komanso ziwerengero. Ndinatolapo chimodzi: UNICEF inati mu 2024 amayi ndi atsikana oposa 230 miliyoni ndi odulidwa kumaliseche, 144 miliyoni mwa iwo ali mu Africa muno. Gawo la kalembedwe ka mapulojekiti tinkangosinza.

Nkhani imene inandigwira mtima ndi ya ku Gambia. Kumeneko analetsa mdulidwe mu 2015. Mu 2023 khoti litagamula amayi atatu chifukwa chodula ana, mtsogoleri wachipembedzo Abdoulie Fatty anawalipirira chindapusa, kenako phungu Almameh Gibba anabweretsa bilu yofuna kufafaniza lamulolo. Bilu ija inayenda ndithu, aphungu anadzaikana mu Julayi 2024. Pa nthawi ya tiyi, mayi wina wa kumeneko anandiuza kuti anadulidwa ali khanda, ndipo anadzamvetsa zomwe anamuchita atagona masiku awiri akulephera kubereka. Kapu yanga inazizira m'manja.

Pomaliza anagwirizana zokakamiza maboma kukhwimitsa malamulo, potsatira Maputo Protocol, pangano la mayiko a mu Africa loteteza ufulu wa amayi. Dzanja ndinakweza, koma mtima sunakhutire. Lamulo limene aphungu angalifufute mawa silingatigoneke tulo. Ku Egypt lamulo lilipo, koma ambiri odula ana ndi achipatala omwe.

Atandifunsa za kwathu ndinayankha msanga kuti kudula kulibe. Usiku ndinachita manyazi. Nanga kukuna kumene timakakamiza ana aang'ono? Nanga kusasa fumbi? Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, koma ndani mwa ife analitchulapo pamaso pa anamkungwi?

Paja mtsikana wa sitandade 6 uja, amene anasiya sukulu atatuluka kuchinamwali chaka chatha, tinagwirizana kuti tikaonana ndi anamkungwi pamodzi ndi amfumu. Mpaka lero kalata sinalembedwe, ati tisayambane ndi amfumu. Ine ndiye mukundifunsa za alawansi.

Ndikupempha kuti Loweruka nkhani imeneyi ikhale yoyamba, tisanakambe za zitenje za gulu.