Ku mpira wa ku Australia, a mtengo wa bonya ndiwo amabweretsa chikho

A Mkonzi,

Ndimawerenga tsamba lanu la zamasewero ndili kuno ku Melbourne, ndipo ndinakondwa tsiku lina kuona kuti mwaupatsako malo mpira wa kuno, uja eni ake amautcha footy. Abale kumudzi akauona pa kanema amangoti ndi rugby chifukwa mpira wake ndi wooneka ngati dzira, koma ndi masewero ena. Dandaulo langa ndi lakuti maina amene munatchula ndi omwe aja amatchula aliyense, a Lance Franklin, a Dustin Martin, anthu a makontilakiti onona. Ndiloleni ndiikepo mlomo pa osewera ena, amene matimu anawatola pamtengo wa bonya anzawo atawakana.

Ndiyambe ndi momwe ligi ya AFL imayendera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kuno timu yolemera siingangotulutsa ndalama n'kugula aliyense amene yamufuna ngati momwe amachitira a Real Madrid kapena Manchester City. Matimu onse 18 ali ndi malire ofanana a ndalama zomwe angalipire osewera awo pa chaka. Osewera atsopano nawonso sagulidwa, amachita kusankhidwa pa mwambo wotchedwa draft mwezi wa Novembala, ndipo timu imene yathera kumchira kwa ligi ndiyo imayamba kusankha. Mwambo waukuluwo ukatha, makamera atazima, pamabwera kamwambo kena kotchedwa rookie draft, komwe matimu amatola otsalira n'kuwapatsa malipiro ochepa. Ndiye taganizani, ngati thumba ndi lofanana kwa onse, ndalama iliyonse imene mwamuunjikira katswiri mmodzi mwaichotsa m'kamwa mwa anzake. Timu imapambana ikakhala ndi anthu angapo amene akugwira ntchito yoposa malipiro awo.

Izi ndinazimvetsa pa 1 Okutobala 2016. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Footscray, kumadzulo kwa mzinda, kwawo kwa timu ya Western Bulldogs. Timuyi inali itatenga chikho kamodzi kokha, mu 1954, ndipo mu 2016 inathera pa nambala 7 mu ligi, moti palibe ankaiwerengera. Koma inakwawa mpaka kufika mu fainolo pa bwalo la MCG, kukakumana ndi Sydney Swans. Ine ndinaonera pa nyumba ya aneba anga, bambo wachikulire amene mu 1954 anali kamnyamata ka kabudula. Tiyi anazizira m'makapu, palibe anamukhudza.

Kutatsala mphindi zochepa kuti masewero athe, Bulldogs ikutsogola pang'ono, mpira unafika m'manja mwa Franklin pakati pa bwalo. Uyu ndi munthu amene Sydney inamupatsa kontilakiti ya zaka 9 ya ndalama pafupifupi madola 10 miliyoni, chimphona choti chikayamba kuthamanga ochemerera timu ina amatseka maso. Kumbuyo kwake kunatulukira Dale Morris wa Bulldogs, n'kumugwira m'chiuno, onse awiri pansi khuu! Mpira unapulumuka, mnzake Tom Boyd anautola n'kuumenya kuchokera kutali, unadunda, n'kulowa. Bulldogs inapambana ndi mapointi 89 kwa 67. M'nyumbamo tonse tinkakuwa dzina la Boyd. Koma aneba anga aja, misozi ili mbwembwembwe, anangoloza pa kanema n'kunena kuti, mwana wanga, chigoli chija ndi cha Morris.

Morris ameneyu matimu onse anamudumpha ali mnyamata. Ankasewera ku Werribee, mu ligi yaing'ono, mpaka Bulldogs inamutola pa rookie draft kumapeto kwa 2004. Ntchito yake inali yotchinga kumbuyo, kukakamira womwetsa zigoli wa timu ina ngati nkhupakupa, kaya ndi wamtali kaya ndi wamfupi. Pambuyo pa fainoloyo m'pamene zinadziwika kuti masewero onse anayi a ndime yomaliza anawasewera ali ndi mafupa osweka a kumsana, omwe anavulala pa masewero otsiriza a ligi. Munthu wothyoka msana kugwetsa munthu wa madola 10 miliyoni.

Ndipo sanali yekha. Mu timu yomweyo munali Matthew Boyd, osati Tom uja, munali Liam Picken, Luke Dahlhaus ndi Jason Johannisen, onsewo otoledwa pa rookie draft. Johannisen, amene anabadwira ku Johannesburg n'kukulira ku Perth, ndiye analandira mendulo ya Norm Smith ya wosewera bwino koposa mu fainoloyo. Ndisamulakwire Tom Boyd: iye anasankhidwa nambala 1 mu 2013, Bulldogs inamulipira ndalama zankhaninkhani pomutenga ku timu ya GWS, anthu anamunyoza zaka ziwiri, ndipo tsiku limenelo anabweza ngongole ndi zigoli zitatu. Koma ndalama zomulipira iye zinapezeka chifukwa anzake aja anabwera motchipa.

N'chifukwa chiyani anthu otere sitimawaona? Mbali ina ndi momwe amagawira ulemu. Mphoto yaikulu ya wosewera payekha ndi mendulo ya Brownlow, yomwe inayamba mu 1924. Amavota ndi oyimbira masewero: akatha masewero aliwonse amapereka mavoti atatu, awiri ndi imodzi. Tsono woyimbira amathamanga pomwe pali mpira, ndipo amene amakhala pamphuno pake tsiku lonse ndi osewera pakati. Wotchinga kumbuyo womaliza kutenga Brownlow ndi Gavin Wanganeen wa Essendon, mu 1993. Zaka zoposa 30 zadutsa. Kodi tinene kuti m'zaka zonsezi sikunabadwe wotchinga wabwino?

Mbali ina ndi manambala. Anthu kuno amakonda ziwerengero kwabasi. Anzanga kuntchito amasewera SuperCoach pa foni, kusankha osewera ndi ndalama zongoyerekeza, ndipo Lolemba lililonse nkhani imakhala yakuti uje wagwira mpira ka 35. Koma wotchinga amene wachititsa kuti womwetsa zigoli woopsa atuluke chimanjamanja, iye mwini mwina wagwira mpira kasanu ndi kamodzi kokha. Kumenya mpira ndi chibakera kuti mdani asauwakhe, kudziponya pa mwendo wa munthu amene akufuna kumenya, kutchingira mnzako ndi thupi kuti adutse, zonsezi amazitcha one percenters, ngati kuti ndi nyenyeswa chabe. Dzina lokhalo likukuuzani mtengo umene anaziika.

Ngakhale pakati pomwe, pomwe maso onse ali, akatswiri osankha osewera amaphonya. Matt Priddis ankasewera ku Subiaco, ku Perth, ndipo anamudumpha zaka zingapo ati ndi wochedwa miyendo. West Coast inamutola ngati rookie, ndipo mu 2014 anatenga Brownlow. Choseketsa n'chakuti chaka chomwecho osankha timu ya All-Australian, ya osewera abwino koposa mu ligi, anamusiya kunja. Akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa, koma apa ngakhale ukwati utachitika ena ankakanabe kuti phwiti ndi mkamwini. West Coast yomweyo inapeza Dean Cox ndi Jeremy McGovern pa msika wa otsalira womwewo. Cox analowa mu All-Australian kasanu ndi kamodzi. McGovern ndi amene anawakha mpira kumbuyo mu mphindi zomaliza za fainolo ya 2018, n'kuyambitsa ulendo umene unathera pa chigoli cha Dom Sheed, Collingwood n'kugonja ndi mapointi 5. Aliyense amakumbukira Sheed.

Mndandanda ndi wautali, sindingauthe. Dane Swan ndi Lachie Neale onse anasankhidwa pa nambala 58, wina mu 2001 wina mu 2011, ndipo onse anatenga Brownlow, Neale kawiri. James Hird, katswiri wa Essendon, anali nambala 79.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi aja anabwera atakula kale, atalawako ntchito ya manja. Tom Stewart anali kalipentala, akusewera mpira wa kumapeto kwa sabata ku South Barwon, timu ya m'dera la Geelong. Matthew Scarlett, amene anali wotchinga wodziwika wa Geelong, anamuona kumeneko n'kukauza akuluakulu a timu yake yakale. Anamusankha mu 2016 pa nambala 40 ali ndi zaka 23, msinkhu umene kuno amati munthu wachedwa kale. Walowa mu All-Australian kasanu, ndipo anatenga chikho mu 2022. Mnzake mu timu yomweyo, Mark Blicavs, anali wothamanga mipikisano yodumpha zotchinga, ankalakalaka kupita ku Olympics ya London mu 2012. Geelong inamutenga pafupifupi ulere. Amuika pakati, amuika m'mbali, amuika kumbuyo, paliponse pamene pabooka iye ndiye chigamba, ndipo kawiri anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa wa timuyo, mu 2015 ndi 2018. Nanga Marlion Pickett? Richmond inamutola pakati pa chaka cha 2019 ali ndi zaka 27, ndipo masewero ake oyamba enieni mu AFL anali fainolo, pamaso pa anthu 100,000. Anachinya chigoli, n'kuvala mendulo ya chikho tsiku loyamba pantchito.

Ife ochokera ku Africa tili ndi athu amene timawatsata mwakachetechete. Aliir Aliir anabadwira ku msasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya, makolo ake a ku South Sudan. Sydney inamusankha pa nambala 44 mu 2013, n'kumamusinthasintha malo ngati sakudziwa chochita naye, kenako inamupereka ku Port Adelaide kumapeto kwa 2020 posinthana ndi mwayi wosankha wa mu ndime yachiwiri ya draft. Chaka chotsatira chomwecho analowa mu All-Australian. Panalinso Tendai Mzungu wa Fremantle, wa magazi a ku Zimbabwe, amene anasewera mu fainolo ya 2013. Nthawi yoyamba kumva muulutsi akukuwa kuti Mzungu, Mzungu, pa bwalo lodzaza azungu okhaokha, ndinaseka mpaka kutsamwa, anzanga osadziwa chimene chandigwira.

Wina anena kuti ndikuchepsa akatswiri. Ayi. Popanda Dustin Martin, amene anatenga mendulo ya Norm Smith katatu, Richmond sikanatenga zikho za 2017, 2019 ndi 2020. Koma funsani wochemerera Richmond weniweni za Kane Lambert, rookie amene ankathamanga mtunda wautali kutseka malo amene Martin wasiya kuti Martinyo akhale womasuka kupita kutsogolo. Akuuzani mpaka mutatopa. Franklin naye anachinya zigoli 1,066 pa moyo wake wa mpira, ndipo tsiku limene anakwanitsa 1,000 mu 2022 anthu anakhamukira m'bwalo la SCG ngati dzombe, masewero n'kuima. Zimenezo palibe angamulande. Komabe pa zaka zonse zimene anakhala ku Sydney, timuyo inafika mu fainolo katatu, mu 2014, 2016 ndi 2022, ndipo katatu konse inabwerera ndi manja okhaokha. Sindikuti vuto linali iye. Ndikungoti kontilakiti yaikulu imadzaza bwalo ndi kugulitsa mayunifolomu, koma chikho sichinalembedwe mmenemo.

Pempho langa, a Mkonzi, ndi lakuti mukadzalembanso za mpira wa kuno, makamaka mu Seputembala pamene ndime yomaliza imatentha, mudzapatseko ndime ziwiri anthu a kumbuyowa. Ngati mukufuna poyambira, yambani ndi Callum Wilkie wa St Kilda. Anali akauntanti ku Adelaide, akusewera mu ligi ya m'chigawo akaweruka ku ofesi, mpaka St Kilda inamutola ngati rookie kumapeto kwa 2018. Mu 2023 analowa mu All-Australian. Timu yake inatenga chikho kamodzi kokha, mu 1966, ndi pointi imodzi, ndiye mwina simudzamuona pa fainolo msanga. Mukapeza mpata woonera St Kilda, kwa mphindi khumi zokha musatsate mpira, tsatani iyeyo, muone pomwe amaima mpira usanamenyedwe n'komwe.

Ndine wowerenga wanu,
ku Melbourne, Australia