Lipoti la msonkhano wa zowerenga ndi zipangizo zothandiza makolo olera ana a autism

A Wapampando, a komiti ndi makolo anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhano wa makolo, aphunzitsi ndi azachipatala wokambirana za mabuku ndi zipangizo zothandiza polera ana amene ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu. Ndapita, ndabwerako, ndipo nali lipoti. Ndalilemba motalikirapo kuti amene sadzatha kubwera tikamadzakumana awerenge okha pa foni. Munandipatsa mafunso atatu: tiwerenge chiyani, tikhulupirire ziti, ndipo ndalama zimene tasonkha tigulire chiyani. Ndiyambe ndi lachitatu chifukwa yankho lake ndi lalifupi: pakali pano tisagule kanthu. Chimene ndinaona kuti chingatithandize msanga n'chaulere.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lili ndi maphunziro otchedwa Caregiver Skills Training. Anawakonzera makolo ndi aliyense wolera mwana wa zaka 2 mpaka 9 amene akuchedwa kulankhula, kusewera kapena kucheza ndi anthu. Safuna kuti mwana akhale ndi kalata ya dokotala yotsimikiza kuti ndi autism, ndipo izi zikutikhudza, poti ena mwa ife tikudikirabe kuti ana athu ayezedwe. Akamaphunzitsa pamaso ndi pamaso pamakhala maphunziro 9 a pagulu, ndipo mphunzitsi amayendera banja lililonse kunyumba katatu. Mphunzitsiyo sachita kukhala dokotala, bola aphunzitsidwe ntchitoyo. Mu 2022 WHO inatulutsanso maphunziro omwewa pa intaneti kuti kholo lizitha kuphunzira palokha, pa nthawi yake, osalipira.

Anationetsa kanema wofotokoza njira imene maphunziro otere amatsata, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni bwinobwino chifukwa mutu wa nkhani yonse wagona pamenepa. Kamnyamata kali pansi, kakundandalika timagalimoto pa mzere. Mayi ake poyamba aima kumbuyo kwake, akufunsa mafunso motsatizana: iyi ndi mtundu wanji, zilipo zingati, tayang'ana kuno. Mwana alibe nazo ntchito. Kenako mayi aja akhala pansi moyang'anizana naye, nkhope zifanane msinkhu. Atenga kagalimoto kawo, aika kumapeto kwa mzere monga mmene iye akuchitira, n'kungonena mawu amodzi okha, "galimoto". Atenga kena, akagwira m'manja, ndipo akhala chete. Amene amatsogolera anaimitsa kanemayo n'kutiuza kuti tiwerenge masekondi chamumtima. Ambiri m'holo muja tinayamba kutekeseka pa mipando, chifukwa ife makolo sitinazolowere kudikira. Timamuyankhira mwana asanapemphe. Atapitiriza kanemayo, kamnyamata kaja kanatambasula dzanja n'kuponya diso kwa mayi ake kamphindi kochepa kwambiri. Mayi anapereka kagalimotoko nthawi yomweyo. Kumeneko ndiye kulankhulana, ngakhale mwana sanatulutse mawu.

Wina anafunsa ngati zimenezi zili ndi umboni kapena n'zongotonthoza makolo. Anatiuza za kafukufuku wa ku England wotchedwa PACT, amene anatsogolera Jonathan Green wa ku Manchester. Anatenga ana 152 a zaka 2 mpaka 4, ndipo makolo a ena mwa iwo ankajambulidwa akusewera ndi ana awo, kenako n'kuonera kanemayo limodzi ndi katswiri kuti aone pamene mwana anayesa kulankhula nawo iwo osazindikira. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2010, ndipo mu 2016 anatulutsa zina atawatsatira anawo kwa zaka pafupifupi 6. Anapeza kuti ana a makolo ophunzitsidwawo zizindikiro zawo zinali zocheperako kusiyana ndi za ana a makolo osaphunzitsidwa, ndipo ankayambitsa okha kucheza ndi makolo awo kawirikawiri. Koma ndinene mosabisa: pa mayeso a chinenero sanaone kusiyana kwenikweni, ndipo palibe mwana amene autism inamuthera. Njira yomweyi anaiyesanso ku Goa m'dziko la India ndi ku Rawalpindi m'dziko la Pakistan, kumene ankaphunzitsa makolo anali azaumoyo wamba, osati akatswiri.

Tsopano za mabuku. Langizo loyamba limene tinapatsidwa ndi lakuti musanawerenge buku lililonse la autism, yang'anani chaka chimene linalembedwa. Leo Kanner, dokotala wa ku Baltimore, ndi amene anafotokoza koyamba za ana 11 oterewa mu 1943. Zaka zotsatira kunafala chiphunzitso chakuti vuto ndi amayi ouma mtima, osaonetsa chikondi kwa mwana, ndipo Bruno Bettelheim anachifalitsa kwambiri ndi buku lake la mu 1967. Amayi ambirimbiri anasenza mlandu umene sanapalamule. Amene anathandiza kugwetsa bodzali anali makolo ngati ife: Bernard Rimland wa ku America, amene mu 1964 analemba kuti nkhaniyi ndi ya mmene ubongo umakulira, ndi Lorna Wing wa ku Britain, dokotala yemwenso anali ndi mwana wamkazi wa autism. Wing ndiye anatsindika kuti ana amenewa safanana, kuti pali wosalankhula n'komwe ndipo pali wolankhula mosalekeza za chinthu chimodzi, onsewo nkhani yake ndi imodzi. Ndanena izi chifukwa mabuku akale amayendayendabe, ena amaperekedwa ngati mphatso ndi anthu akufuna kwabwino. Mayi mnzanga, buku likakuuzani kuti munalakwitsa ndinu, litsekeni.

Pa mabuku ophunzitsa zochita kunyumba, awiri ndi amene anatchulidwa mobwerezabwereza. Loyamba ndi More Than Words la Fern Sussman, lochokera ku bungwe la Hanen Centre la ku Canada. Lili ndi zithunzi zambiri ndipo limakuthandiza kuona kuti mwana wako ali pati pa kulankhulana, kaya akadali pokukoka dzanja kupita pamene pali chimene akufuna, kaya wayamba kubwereza mawu a ena. Lachiwiri ndi An Early Start for Your Child with Autism la mu 2012, lolembedwa ndi Sally Rogers, Geraldine Dawson ndi Laurie Vismara, lonena za ana aang'ono ndi mmene kusamba, kuvala ndi kusewera kungasandukire nthawi yophunzira. Ndinatsegula onse awiri. Tikadzaganiza zogula, ine ndingasankhe loyamba, chifukwa ngakhale kholo losadziwa bwino Chingerezi likhoza kutsatira zithunzizo wina akulifotokozera.

Mbali imene inautsa mkangano ndi ya mabuku olembedwa ndi anthu amene iwo eni ali ndi autism. Wodziwika kwambiri ndi Temple Grandin, pulofesa wa za ziweto ku Colorado, amene anachedwa kulankhula ali mwana ndipo mu 1995 analemba Thinking in Pictures. Pamsonkhanopo panalinso mtsikana wamkulu wa autism amene anapatsidwa mpata wolankhula. Anati kukupiza manja ndi kudzigwedeza, zimene ife timathamangira kuletsa pagulu chifukwa cha manyazi, iye ndi zimene zimamukhazika mtima pansi phokoso ndi kuwala zikamuchulukira. Anati kukhala m'chipinda chodzaza anthu kuli ngati mawailesi asanu akulira nthawi imodzi, iwe osatha kuzimitsa ndi imodzi yomwe. Anawonjezera kuti akamakakamizidwa kuyang'ana munthu m'maso, zimene munthuyo akunena sazimvanso.

Bambo wina anaimirira atakwiya ndithu. Anati n'zosavuta kulankhula choncho kwa munthu wotha kugwira maikolofoni, koma wake ali ndi zaka 12, salankhula, amadzimenyetsa mutu kukhoma, ndipo mabuku a anthu ochita bwino sanena za mwana ngati ameneyo. Anthu ena anawomba m'manja, ena anang'ung'udza. Ine ndinaona kuti onse awiri akunena zoona. Kukupiza manja sikupweteka munthu, tikusiye. Kudzimenyetsa mutu sitingakulekerere, koma ngakhale pamenepo funso loyamba likhale lakuti chamuvuta n'chiyani: dzino, khutu, m'mimba mwauma, tulo, phokoso, kapena akufuna chinthu ndipo alibe njira yonenera. Buku la Barry Prizant la mu 2015, Uniquely Human, lagona pa funso limeneli, ndipo ndi limene ndingapatse agogo kapena aphunzitsi amene amati mwanayu ndi wamwano chabe.

Zithunzi zolankhulira tingathe kupanga tokha. Njira yodziwika ndi PECS, imene Andy Bondy ndi Lori Frost anayambitsa ku Delaware mu 1985. Poyamba pamafunika akulu awiri. Mmodzi akhala kutsogolo atanyamula chinthu chimene mwana amachikonda kwambiri, tinene kuti mpira, ndipo sanena kanthu. Mwana akatambasula dzanja kuti alande, wachiwiri amene ali kumbuyo amugwira dzanjalo mwakachetechete, amutoletsa chithunzi cha mpira n'kuchiika m'manja mwa woyamba uja. Nthawi yomweyo woyambayo atchula kuti "mpira" n'kuupereka. Pang'onopang'ono wakumbuyoyo amachepetsa thandizo mpaka mwana azidzitolera yekha. Ndinafunsa funso limene a Mlembi anandipatsira, lakuti kodi zithunzi sizimupangitsa mwana ulesi wolankhula. Yankho linali lakuti kafukufuku sasonyeza zimenezo. Ana ena amayamba kumene kutulutsa mawu akazolowera zithunzi, ndipo amene sadzalankhula amakhala atapeza njira ina m'malo molira. Anationetsanso ndandanda ya zithunzi ya tsiku lonse, kudzuka, kusamba, kuvala, sukulu, mwana n'kumachotsa chithunzi chilichonse chikatha. Palinso tinkhani tachidule tokonzekeretsa mwana chinthu chachilendo monga kumeta tsitsi kapena kupita kwa dokotala, njira imene mphunzitsi wa ku America Carol Gray anayambitsa. Zonsezi zimafuna foni yojambulira, mapepala olimba ndi guluu basi.

Ndifike pa zoopsa, chifukwa zina mwa izo zafika kale m'mafoni mwathu. Nkhani yakuti katemera wa chikuku amayambitsa autism inachokera pa zimene dokotala Andrew Wakefield analemba m'magazini ya The Lancet mu 1998, ataona ana 12 okha. Mu 2010 The Lancet inachotsa nkhaniyo ndipo iye anachotsedwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Ku Denmark anatsatira ana opitirira 650,000, ndipo zotsatira za mu 2019 sizinapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayo ndi autism. Pali madzi otchedwa MMS amene amagulitsidwa pa intaneti ngati mankhwala ochiza. Bungwe la FDA loona za zakudya ndi mankhwala ku America linachenjeza mu 2010 ndi mu 2019 kuti kumwa zimenezo n'chimodzimodzi kumwa mankhwala oyeretsera zovala. Palinso zoti amachotsa zitsulo m'magazi a mwana, zimene zinapha mwana wa zaka 5 ku Pennsylvania mu 2005. Choncho chilichonse chimene chatumizidwa kwa inu chifunseni zitatu: walemba ndani, akugulitsa chiyani, ndipo kodi akulonjeza kuchiza? Wolonjeza kuchiza autism akunama, kaya wavala jekete loyera.

Zina ndingodutsamo. Kwa amene ali ndi ana ang'onoang'ono ndipo akukayikira, pali mafunso 20 otchedwa M-CHAT-R a ana a miyezi 16 mpaka 30. Ndi aulere, koma amangosonyeza ngati mwana akufunika kukaonedwa, sapereka chigamulo. Bungwe la Autism Speaks lili ndi kabuku kaulere ka mabanja amene angouzidwa kumene, kotchedwa 100 Day Kit. Muli zothandiza, koma zambiri n'zokhudza malamulo ndi masukulu a ku America, komanso akulu ena a autism sagwirizana ndi bungweli. Zolemba za National Autistic Society ya ku Britain, imene makolo anayambitsa mu 1962, ndinaziona kuti n'zosavuta kumva. Pa ziwerengero, WHO inkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi pa 100 alionse ali ndi autism, pamene bungwe la CDC loona za matenda mu 2023 linati mmodzi pa 36 ku America. Kusiyanaku kukuchokera kwambiri pa kuchuluka kwa ana amene amayezedwa ndi mmene amawerengera.

Chimene sichinandisangalatse n'chakuti pafupifupi zonse zinali za ana osafika zaka 10. Za mwana amene akutha msinkhu, za mtsikana wosalankhula amene wayamba kusamba, za kumuteteza kwa anthu ogwirira ana, za amene adzamusamale ife tikadzapita, zinangokhudzidwa m'mphindi zomalizira anthu atayamba kale kulongedza. Za abale ake a mwanayo, amene nthawi zambiri amaiwalidwa, sizinatchulidwe n'komwe. Za khunyu, limene limapezeka kawirikawiri mwa ana a autism kusiyana ndi ana ena, ndi za ana othawa pakhomo n'kulunjika kumadzi, anangoti tikafunse madokotala. Komanso mabuku onse ndatchulawa ali m'Chingerezi. Ndinadandaula za zimenezi pamaso pa okonza msonkhano ndipo analemba.

Ndikupempha kuti tikakumana tigwirizane pa izi. Maphunziro a WHO a pa intaneti tiziwatsatira limodzi, gawo limodzi pa kukumana kulikonse, odziwa Chingerezi azimasulira, ndipo aliyense azikayesa kunyumba n'kudzatiuza zimene waona, zoyenda ndi zokanika zomwe. Abambo asatumize amayi okha. Tipatule tsiku limodzi lopanga zithunzi, aliyense abwere atajambula zinthu 10 zimene mwana wake amazifuna kwambiri. Mauthenga onena za mankhwala ochiza asamatumizidwe kwa mamembala asanaonedwe ndi a komiti. Ndalama zikhale kaye kwa a Msungichuma mpaka titatha magawo atatu, pamenepo tidzaone ngati buku la Sussman likufunikadi. Pomaliza, pakufunika anthu awiri odzipereka kufufuza zowerenga za ana otha msinkhu, kuti pofika pa 2 Epulo, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007 kuti likhale lokumbukira za autism, tidzakhale ndi choti tigawire makolo a ana akuluakulu. Amene angadzipereke apereke maina kwa a Mlembi.

Ine nthumwi yanu.