Mwana wanga amalemba nthano, koma anthu akuti akuphunzitsidwa ufiti

Okondedwa Anankungwi,

Ndine mayi wa zaka 38, ndili ndi ana anayi, ndipo ndimakhala ku Bangula m'boma la Nsanje komwe ndimagulitsa mlamba wowamba pamsika. Chandilembetsa kalatayi ndi mwana wanga wachiwiri, mtsikana wa zaka 14 amene ali Fomu 2. Amayi anzanga akamadandaula za ana awo amanena za zibwenzi ndi kujomba kusukulu. Wangayu alibe zimenezo. Chamuika m'kamwa mwa anthu ndi kope.

Kwathu kwenikweni ndi tsidya, ku Makhanga, kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Madzi a mu Januwale 2015 tinapulumuka, a Idai mu 2019 tinapulumukanso, koma namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndiye anatitsiriza. Nyumba, mbuzi zisanu, mapira m'munda, zonse zinapita usiku umodzi. Anatiolotsa pa boti n'kudzatisiya pamsasa kuno, ndipo sitinabwerereko. Mwanayu anataya mnzake wapamtima m'madzi amenewo. Kwa miyezi ingapo sankayankhula, nsima ankangoilawa, ndipo mvula ikangoyamba kugunda padenga ankadzifunditsa chitenje n'kumanjenjemera.

Tili pamsasapo anthu achifundo anabweretsa katoni ya mabuku akale a Chingerezi. Ambiri anathera kukolezera moto ndi kukulungira mandasi, koma iye anatolapo atatu okhuthala. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 7, Chingerezi changa n'chopemphera madzi akumwa basi, ndiye ndinkangoona zithunzi: mapu a dziko losadziwika patsamba loyamba, chinjoka chamapiko chikulavula moto, ana akuuluka atakwera tsache. Anandiuza kuti ndi nthano zopeka zolembera ana, za achinyamata amene amanyamuka ulendo woopsa kukapulumutsa anthu a kwawo. Ankawerenga ndi katochi ka sola mpaka kazime kokha. Pang'onopang'ono anayambanso kuseka ndi abale ake. Aphunzitsi amamuyamikira pa Chingerezi, ndipo teremu yathayi anakhala nambala 3 m'kalasi.

Tsiku lina anandifunsa kuti, "Amayi, bwanji m'mabuku onsewa muli chipale chofewa ndi nyumba za mafumu a kunja, koma mulibe Shire?" Ndinalibe yankho. Posakhalitsa anayamba kulemba yakeyake, m'Chichewa chosakaniza ndi Chisena, mpaka kudzaza makope atatu.

Ndiulule kuti ndinawerenga mobisa iye ali kusukulu. Ndi nkhani ya mtsikana wodziwa kupalasa bwato, amene mng'ono wake watengedwa ndi Napolo. Kuti amupeze ayenera kudutsa Dambo la Njovu lonse n'kukwera ndi mtsinje mpaka ku mathithi a Kapichira. Womuperekeza ndi ng'ona yokalamba ya diso limodzi, yaulesi, yoyankhula Chisena, imene njira yonse imangodandaula msana n'kumapempha fodya. Pali mvuu ina yodzitcha nyakwawa, yolipiritsa msonkho aliyense wodutsa pakhwawa lake, ndipo mtsikanayo amaipusitsa poilipira ndi nyika zowola. Ndinaseka ndekha m'nyumba ngati wozungulira mutu. Kenako ndinafika pomwe analemba kuti pansi pa madzi pali mudzi wa anthu onse amene anakokoloka, akulima madimba awo mwamtendere, osadziwa kuti kumtunda abale akuwalira. Dzina la mng'ono wotayikayo ndi la mnzake uja. Ndinatseka kope n'kupita kuseri kwa nyumba.

Chatibweretsera mavuto ndi tsamba limodzi. Bwato la mtsikanayo litasweka usiku pakati pa dambo, nkhalamba ina yokhala yokha m'mabango imamubwereka lichero kuti aulukire tsidya. Mwana wanga akuti anaganiza kuti popeza ana a m'mabuku aja amakwera tsache, kuno kwathu chofanana nacho ndi lichero. Mwa iye yekha anaona ngati wachita zanzeru. Koma Anankungwi, inu mukudziwa chimene Mmalawi amamva akauzidwa za lichero louluka usiku.

Kopelo anabwereka msuweni wake, ndipo linagwera m'manja mwa azakhali ake, achemwali a bambo a kunyumba kuno. Iwo sanawerenge za ng'ona kapena za mudzi wa pansi pa madzi. Anangotenga tsamba la lichero n'kukaliwerenga kugulu lawo la mapemphero, n'kunena kuti mwana sangadziwe zoterezi popanda womuphunzitsa. Mawa lake anthu anali atamupeza kale mphunzitsiyo. Kumapeto kwa mzere wathu kuli gogo wina wamasiye amene tinachokera naye limodzi kutsidya. Ana ake anamwalira, maso akuvuta, ndipo mwana wanga amakamutungira madzi kumjigo, gogoyo n'kumamusimbira nthano zakale. Lero ana akugenda denga la gogoyo madzulo. Amayi akamuona panjira amakoka ana awo. Ngakhale pabenchi langa pamsika, ena amene ankagula tsiku ndi tsiku akungodutsa.

Amuna anga si munthu woipa. Ndi msodzi, ndipo nthano ya fisi ndi kalulu amaisimba bwino kuposa ine. Koma iwo ndi Msena, analowola, ndipo kwawo ana ndi a kwa bambo, choncho mawu a achemwali awo ndi olemera kuposa anga. Nditayesa kuwapempha kuti awerenge okha kope lonse, anangoti "Nkhabe!" Anatenga kope loyamba n'kuliponya pamoto womwe ndimawambira nsomba. Mwanayu sanalire. Anaimirira pomwepo kuyang'ana mpaka chikuto chinapsa, kenako anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Kuyambira tsiku limenelo wabwerera ku chete uja wa pamsasa. Makope awiri otsalawo ndinawabisa pansi pa dengu la nsomba, ndipo panopa akununkha utsi.

Ndakhala ndikudzifunsa usiku. Ifetu tinakulira pa "Padangotero", ife n'kumavomera "Tili tonse". M'nthano za agogo athu nyama zinkayankhula, mtsikana ankakwatiwa ndi njoka, mbalame inkaimba nyimbo youlula wakupha, ndipo palibe anathamangitsa agogo pamudzi. Za Mbona wa ku Khulubvi, woitana mvula amene mikondo inkamulephera, aliyense kuno ku Chigwa amazikamba poyera masana. Nanga chalakwika pa mwana wanga n'chiyani? Kodi nthano ikachoka pakamwa n'kulowa m'kope imasanduka umboni?

Komanso sindikunamizani kuti mtima wanga ndi wolimba. Ndine wopemphera, ndipo azakhali akanditsegulira Deuteronomo 18 ndimasowa choyankha. Usiku wina, anthu atandilankhula zambiri, ndinadzuka pakati pa usiku n'kuyatsa tochi kukaona ngati mwana wanga ali pamphasa. Anali m'tulo, dzanja atatsamira, udzudzu ukulira kunja kwa neti. Ndinachita manyazi kwambiri moti mpaka lero sindinauze munthu, ndayamba ndi inu.

Aphunzitsi ake ena anandiuza kuti lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la m'chaka cha 1911, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo ndikhoza kukadandaula kupolisi. Koma wokamusumirayo ndi mlamu wanga. Ndikatero banja latha, ndipo ana anayiwa andilanda. Ndikakhalanso chete ndikuopa za gogo uja, chifukwa tonse timamva pawailesi za okalamba amene aphedwa ndi gulu la anthu nkhani itayamba ngati mphekesera chonchi.

Tsopano azakhali akonza zoti kumapeto kwa mwezi uno apite naye mwanayu kwa mneneri wina kuti akamupempherere mpaka "aulule". Pemphero sindilikana. Chimene ndikuopa n'chakuti mwana wa zaka 14 akazunguliridwa ndi akuluakulu akumukuwira usiku wonse, adzavomera chilichonse kuti amusiye, ndipo dzina limene akufuna kumva likudziwika kale. Ndingakane bwanji ulendo umenewu osaoneka ngati ndikubisa kanthu, kapena kunyoza akuchimuna?

Ndaganizapo zopita kwa ankhoswe, kapena kwa nyakwawa, kukapempha kuti makope awiriwa awerengedwe pabwalo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, anthu amve okha za ng'ona yodwala msana ija. Mwina akaseka mitima idzatsika. Koma mwinanso ndikhala ndapereka mwana wanga kuti anthu amuweruze, ndipo za mnzake womwalirayo, zimene sanauzepo aliyense, zidzamveka mudzi wonse. Iye sakudziwa n'komwe kuti ndinawerenga. Ndimuuze?

Mnzanga wina wa pamsika anati ndingomuuza mwanayo afufute lichero, alembe kuti mtsikanayo ananyamulidwa ndi nkhwazi, nkhani ithe. Ndinamuyesa mozungulira, ngati ndangomva kwa anthu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Gogo wa m'nkhanimo ndi wabwino, amayi. Ndi yekhayo amene anamuthandiza." Sanawonjezere kanthu.

Ndithandizeninso pa ichi. Ndinamva kuti kuli bungwe la alembi la Malawi Writers Union. Kodi anthu ngati amenewo amalandira zolemba za mwana wa sukulu wa kumudzi ngati kuno? Ndikuganiza kuti munthu wophunzira wochokera kunja kwa banja lathu atanena kuti zimenezi ndi luso, bambo ake akhoza kumva, pakuti za ine amati ndikuikira kumbuyo mwana. Mayeso a JCE ali pafupi, ndipo sindikufuna kuti alowe m'chipinda cha mayeso ali ndi mtima woterewu.

Kope lachitatu linathera pakati pa tsamba. Mtsikana uja wafika pachipata cha mudzi wa pansi pa madzi, ng'ona yakana kulowa, ndipo iye akumva mawu a mng'ono wake akusinja mkati. Palibe chinalembedwa kupitirira pamenepo. Ndimubwezere makopewa kuti amalize, kapena ndidikire mpaka mphepoyi idutse?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Bangula, Nsanje