Kwa achimwene ku Johannesburg, za phuma lija

Achimwene,

Uthenga wanu wa mawu pa WhatsApp ndaumvetsera katatu. Nkhani ya ndalama za malata ndaimva, koma chandigwiritsa cholembera ndi mmene mumalankhulira: mawu anayi n'kupuma, mawu anayi n'kupuma. Phuma limenelo ndimalidziwa chifukwa ndimagona nalo m'nyumba imodzi. Alamu anu kuno anawapeza ndi matenda omwewo amene akuuzani inu, COPD, matenda okhalitsa a m'mapapo amene amapanikiza njira za mpweya. Iwo fodya sanamulawepo chibadwire. Chinawawononga mapapo ndi utsi wa nkhuni m'kakhitchini kathu kopanda zenera kaja, zaka zoposa 30 akuuzira moto m'mawa ndi madzulo. Za inu sindinena zambiri, poti chingambwe tinkasutira limodzi kuseri kwa sukulu.

Ife poyamba tinkati ndi mphumu. Kuchipatala anayeza makhololo, chifuwa chachikulu sanachipeze. Kenako anawauziritsa mwamphamvu m'kachipangizo kotchedwa spirometer, ndipo m'pamene dzina la matendawa linatuluka. Koma amene anatithandiza kwenikweni ndi mayi wina wa mafizo. Anatiuza kuti wodwala COPD amavutika kwambiri potulutsa mpweya, ngakhale iye mwini amamva ngati ukukanika kulowa. Tinjira ta mpweya m'mapapomo tinafooka, ndiye potulutsa timatsekeka msanga, mpweya wakale n'kutsalira m'kati. Taganizani za minibasi yodzaza pa siteji: okwera angakankhane bwanji pakhomo, salowa ngati otsika sanatsike. Munthu akabanika amakoka mpweya mwaphuma, ndiye kuti akungowonjezera anthu pakhomo paja.

Choncho choyamba kuphunzira ndi ichi. Khalani pampando, mapewa muwagwetse, asakwere m'makutu. Kokani mpweya ndi mphuno, kukamwa kuli kotseka, mukuwerenga chamumtima kufika 2. Musadzaze chifuwa chonse ayi, mpweya wamba basi. Kenako songolani milomo ngati mukuuzira phala la mwana, n'kutulutsa pang'onopang'ono mukuwerenga kufika 4. Osaukankha, uzituluka wokha. Kampata kakang'ono ka pamilomo kaja kamabweza mphamvu ina m'mbuyo, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imagwira tinjira tija kuti tisatsekeke msanga. Muziyeserera muli bwinobwino, mphindi 5 kapena 10, kangapo patsiku, kuti tsiku lobanika milomo idzakumbukire yokha. Alamu anu ankaseka kuti akuoneka ngati akuimbira galu likhweru. Lero amachita osaganiza n'komwe: akamanyamula ndowa, akamadzuka pamkeka, amatulutsa mpweya pa nthawi imene akugwiritsa ntchito mphamvu. Inunso pokwera masitepe a kumene mukukhalako, kokani mpweya mutaima, mukwere awiri kapena atatu mukutulutsa, muimenso.

Palinso kupumira m'mimba. Dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba, pokoka mpweya la pamimbalo ndi limene likwere. Cholinga chake n'kugwiritsa ntchito mnofu waukulu umene uli pansi pa mapapo m'malo mwa minofu ya m'khosi ndi m'mapewa. Ndikuuzeni zoona, kumeneku sikuyanja aliyense. Alamu anu kunkawatopetsa, ndipo wa mafizo uja anati asakakamize. Yesani, kukakubanikitsani musiye.

Phuma likakugwirani mwadzidzidzi, khalani pansi, weramirani kutsogolo pang'ono, zigongono pamaondo. Ngati muli panjira tsamirani khoma. Za makhololo, musamakhosomole mpaka misozi. Kokani mpweya pang'ono, muugwire masekondi awiri kapena atatu, n'kuutulutsa kukamwa kuli yasa, "haa", ngati mukupumira pagalasi kuti lichite nthunzi. Kawiri kapena katatu, akakwera kukhosi m'pamene mukhosomole kamodzi. Madzi akumwa amathandiza kuti afewe.

Tsopano chimene chandidetsa nkhawa mu uthenga wanu ndi mawu aja akuti masiku ano mukungokhala m'nyumba. Achimwene, msampha ndi umenewo. Munthu akaopa kubanika amasiya kuyenda, miyendo imafooka, ndipo minofu yofooka imafuna mpweya wambiri pa kantchito kochepa, ndiye amabanika msanga kuposa kale, n'kuopanso kwambiri. Alamu anu anafika poti kupita kuchimbudzi kunali ulendo. Tinayamba ndi kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa mango, kupuma, kubwerera. Sabata yotsatira tinafika pa mjigo. Pano amapita okha kutchalitchi, ngakhale amanyamuka ena asanasambe. Mapapo awo sanachire, ndipo mafizo a kupuma sabwezeretsa pamene panawonongeka. Chinabwerera ndi miyendo ndi kulimba mtima. Kumeneko mukafunse kuchipatala za pulogalamu imene amati pulmonary rehabilitation. Kawirikawiri imatenga masabata 6 mpaka 8, ndipo amakuyendetsani ndi kukuphunzitsani zonsezi akukuonani ndi maso, zomwe ine pa pepala sindingathe.

Mankhwala opopera m'kamwa aja musawasiye poti mwaphunzira kusongola milomo, ndipo muwaonetse anamwino mmene mumapopera, chifukwa ambiri amapopera lilime basi. Fodya ndiye mutaye, ngakhale ndudu imodzi ija mumati ya pambuyo pa nsima. Ndikudziwanso mmene kumazizirira ku Joni mu June ndi July, ndi mmene anthu amatsekera zitseko mbaula kapena chitofu cha palafini chikuyaka m'kati. Kwa inu zimenezo ndi poizoni. Bola mabulangete awiri ndi chipewa. Katemera wa chimfine mukabayitse nyengo yozizira isanafike. Mukaona makhololo asanduka achikasu kapena obiriwira, muli magazi, thupi latentha, mapazi atupa, kapena milomo yada, musawerenge 2 ndi 4, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuno mvula yakhala bwino, chimanga chamasula. Khitchini ija tinaibowola mazenera awiri, ndipo wophika tsopano ndi mdzukulu wathu wamkulu, panja. Malata ndikagula Loweruka. Mukadzatumizanso uthenga, muutumize mukuyenda pamsewu, ndimve ngati milomo mwaisongoladi. Alamu anu akuti moni, ndipo akuti adzakuyesani okha mukadzabwera pa Khirisimasi.

Ndine mnzanu wa kalekale,
kuno kumudzi.